Batala Wopanda Shuga

Lachiwiri lapitali Kavita ananditumizira uthenga pa foni ndili m'basi ya mu Foleshill Road, ndikupita ku shifiti ya m'mawa. Analemba m'Chizungu kuti chaka chakwana chimwalirireni agogo ake, a pabanja akuphika chakudya cha chikumbutso, ndibwere. Ndinawerenga kawiri, mpaka ndinapitirira siteji yanga osazindikira. Chaka chathunthu, abale! Ine ndimangoona ngati ndi dzana lomweli pamene nkhalamba ija inkandikalipira kuti ndachulutsa madzi mu tiyi.

Dzina lawo linali a Ramanlal, koma ku Luchenza, komwe anabadwira ndi kukulira, dzina limenelo ankalidziwa ndi a positi okha. Ena onse ankawatchula a Funsani. Anali Mmwenye wa sitolo ya nsalu, ndipo munthu akaima pakhonde n'kumasuzumira mwamanyazi, iwo ankakuwa ali kuseri kwa kauntala kuti lowani mufunse, kufunsa salipiritsa, safunsa anadya phula. Dzina linamera pomwepo. Anachoka kumudzi nthawi imene Amwenye ambiri ankasamukira kuno, nadzagwira ntchito pa fakitale ya ulusi mu Coventry muno mpaka kupuma.

Ine ndinawadziwa atatheratu, sitiroko itawapha dzanja lamanja n'kuwalanda Chizungu. Madokotala amati zimachitika: chiyankhulo chophunzira utakula chimathawa, cha paubwana n'kutsala. Iwo zinawatsalira ziwiri, Chigujarati cha makolo awo ndi Chichewa chimene anachitola kwa mayi wina wa ku Thyolo yemwe ankawabereka kumsana ali khanda. Anzanga atatu a ntchito yathu yosamalira okalamba anawalephera, amvekere nkhalamba ikubwebweta. Tsiku lina mnzathu wa ku Chipata anawamva akutukwana ndodo yawo, anaseka chikhakhali n'kukauza a ku ofesi kuti uku si kubwebweta ayi, ndi Chinyanja chenicheni ichi. Iye anali kale ndi nyumba zambiri zoyendera, ndiye anatumako ine.

Tsiku loyamba sanafunse dzina langa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenako anati, "Kodi ndiwe nandani?"

"Ndine Nachisale, agogo."

"Eya, Nachisale. Khala pansi, usaime ngati wabwera kudzatenga moto."

Chibwerereni ku Ulaya palibe anali atandifunsapo mfunda wanga. Ndinapempha kuti ndikaone ku bafa, ndinakalira pang'ono, ndinasukusula, n'kubwera kudzayamba ntchito.

Anali munthu wovuta, tisanamizane. Aliyense wolowa m'nyumba ankayamba amugwira malaya ndi zala ziwiri za kumanzere, kufikisa nsaluyo, kenako n'kupereka chigamulo. Yunifolomu yanga anaiweruza tsiku lomwelo kuti ndi pulasitiki yonamizira thonje. Dokotala wina wachizungu anamuuza m'Chichewa kuti jekete yake ndi yabwino koma telala anali ataledzera, ndipo ine pomasulira ndinangoti agogo akuyamikira jekete. Ankakonda kunena kuti munthu umamudziwa ndi msoko wa m'kati, wa kunja aliyense amausita. Ankatinso Ulaya ndi dziko labwino, vuto n'lakuti dzuwa lake limagwira maganyu. Nyama, nsomba ndi mazira sizinkalowa m'nyumba mwawo. Tsiku lina ndinaiwala, ndinabwera ndi kabokosi ka usipa m'chikwama. Ananunkhiza ndisanavule n'komwe jekete. Anandithamangitsira kuseri kwa nyumba kuti ndikadyere komweko, koma nditabwerako anandifunsa motsitsa mawu ngati unali wofutsa kapena wowamba, chifukwa fungo limenelo, anatero, ndi fungo la msika wa ku Luchenza tsiku Loweruka.

Pa ngodya ya chipinda chochezera panali kabati ya matabwa yotsekula uku ndi uku. M'kati mwake munkakhala kachifanizo ka mkuwa, kotalika ngati chala chachikulu, ka mulungu wawo Krishna ali khanda lokwawa. Iwo ankamutchula Lala, ngati mmene ife timanenera kuti kamwana. Mayi awo ndiwo anabwera naye kuchokera ku India, ndipo a Funsani anamubweretsa kuno m'thumba la m'kati la jekete. M'mawa uliwonse ndikawasambitsa ndi kuwaveka, ndinkawakhazika patsogolo pa kabatiyo, iwo n'kundituma ku khitchini kuti ndikateleke tiyi, nditseke chitseko. Ine mwana wa mkulu wa mpingo ndinkakondwa kutumidwa ku khitchiniko, sindinama. Ndinkangomva kabelu kakulira ndi fungo la lubani likudutsa pansi pa chitseko.

Kavita ndi mdzukulu wawo, mwana wa Hansa. Hansa anali mwana wawo wamkazi yekhayo, ndipo anamwalira ndi khansa zaka zinayi ine ndisanafike pakhomopo. Mtsikanayo ankaphunzira za mankhwala ku yunivesite ku Birmingham. Chimwalirireni mayi ake anasiya kupita ku kachisi, anadula kaulusi kofiira kamene anthu a chipembedzo chawo amamanga padzanja, ndipo achibale akayamba nyimbo za mapemphero iye ankatuluka panja. Komabe Lamlungu lililonse ankakwera sitima kudzaona Nana wake, paja umu ndi mmene iwo amatchulira agogo aamuna a kuchikazi. Vuto linali pakamwa. Chigujarati cha Kavita chinkathera pa moni ndi mayina a zakudya, Chizungu cha agogo chinali chitapita. Ankangokhala moyang'anana, kumwetulirana, tiyi n'kumazizira.

Tsiku lina Kavita atapita, agogo anandiuza ali chiyang'anire pawindo. "Nachisale, mwana uyu ali ndi mawu pakhosi, ine ndikuwaona. Ndikafa tisanayankhulane, ndiye kuti Hansa ndamutaya kawiri."

Mpamene ndinasanduka womasulira. Ndipo apa ndi pomwe ndinaphula ngozi.

Lamlungu lina Kavita anaima patsogolo pa kabati ija, manja m'matumba, n'kumuyang'ana Lala nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine. "Anti, tawafunseni. Akamayang'ana kachifanizo aka, amaona chiyani?"

Anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunadi kudziwa. Koma ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Sindinafunefune liwu loyenera, ndinangotola lomwe linali pafupi, la ku Sande sukulu. "Agogo, akufunsa kuti mumaona chiyani pa fano limeneli."

"Fano?" Mbali ya nkhope yawo imene inkagwira ntchito inauma gwa. "Wanena kuti fano?"

Ndinagwedeza mutu, osadziwa kuti ndikuvomera chiyani. Anakweza ndodo, kuloza chitseko, n'kunena liwu limodzi la Chigujarati limene Kavita sanafunikire womasulira. Mtsikana anatola chikwama chake, maso ali jenkha, natuluka.

Ndinadzamva pambuyo pake chomwe liwulo linkatanthauza kwa iwo. Ali mwana, anyamata a sukulu ya mishoni akaweruka ankaima pakhonde la sitolo n'kumaimba kuti opembedza mafano adzapsa, uku akugenda denga la malata ndi nthangala za mango. Mayi awo ankatseka mawindo masana. Zaka zonsezi liwu limenelo linali litagona penapake m'mutu mwawo, sitiroko osalikhudza, ndiye ine ndinaliika m'kamwa mwa mwana wa Hansa.

Masabata anapita, Kavita osabwera. Lamlungu lililonse agogo ankandiuza kuti ndiwasitire shati yoyera, n'kukhala pawindo. Pofika masana ankafunsa ngati sitima zikuyenda lero. Ine ndinkati mwina oyendetsa anyanyala ntchito, agogo, ndikudziwa bwinobwino kuti zikuyenda. Ndinkaopa. Viza yanga inali yomangirira ku kampani imene inandilemba ntchito, ndiye ndinkati ndikaulula, achibale akadandaula ku ofesi, ndipita kuti? Koma kuona nkhalamba ikuonda ndi shati yoyera pawindo kunkandipweteka mtima kwambiri, ndipo ndinkadzida.

Ndinaulula tsiku lina ndikuwawenga zikhadabo, mutu uli pansi kuti ndisawayang'ane. "Agogo, liwu lija silinali la Kavita. Linali langa. Iye anangofunsa kuti mukamuyang'ana Lala mumaona chiyani."

Ndinamaliza dzanja lonse. Ndinkadikira ndodo.

"Iwe Nachisale," anatero pomaliza. "Kasitomala anapempha silika, iwe n'kumudulira chiguduli."

"Pepani, agogo."

"Pepani sasoka nsalu. Muimbire foni. Ndipo ulendo uno uyeze bwino, usabe ngakhale inchi imodzi, uku kapena uku."

Ku ofesi sanakanene, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso.

Kavita anafika m'mawa Lamlungu lotsatira, ndisanawakhazike n'komwe pa kabati. Ndinamupepesa pakhomo pomwe. Anangoti zatha, Anti, koma lero ali ndi funso lina ndipo ndisalifewetse. Agogo anati lero palibe wopita ku khitchini, tonse tivule nsapato.

Mtsikana anayankhula ataimirira. Anati pa maliro a mayi ake azakhali ena anamugwira dzanja n'kumuuza kuti asalire kwambiri, kuvutika kwa Hansa kunali zipatso za zimene anachita m'moyo wina wakale asanabadwe, zomwe iwo amati karma. "Amayi anga kangaude ankamutulutsa panja ndi kapu, osamupha. Ngati zimenezo n'zoona, analakwa chiyani choti avutike chonchija? Ngati si zoona, inu mumagwadira chiyani m'mawa uliwonse?"

Ndinamasulira liwu ndi liwu.

Agogo anatsekula kabati ndi dzanja lamanzere, anandiuza kuti ndigwire kambale, iwo n'kumusambitsa Lala ndi madzi ofunda a m'kasipuni. Anamupukuta, kumuveka kansalu kachikasu, kuyatsa kanyali, kuliza kabelu, uku akuimba motsitsa m'Chigujarati. Kenako anaika kambale kena ka batala patsogolo pake. Apa mawu awo anasintha, nyimbo inatha, ndipo anayankhula Chichewa chomveka bwino, ngati akuyankhula ndi mwana wa m'nyumba yemwe waswa mbale.

"Idya, Lala. Shuga palibe lero. Chifukwa chake ukuchidziwa."

Ndinangoti kukamwa yasa. Kavita anandikoka dzanja kuti anena chiyani, ndinamuuza.

Agogo anafotokoza kuti Lala amakonda batala wothira shuga, ndipo mayi awo sanaphonyepo tsiku, ngakhale nthawi imene shuga ankasowa m'masitolo onse a m'boma la Thyolo. Iwonso sanaphonyepo, mpaka m'mawa umene anachokera ku chipatala Hansa atatsirizika. Kuyambira tsiku limenelo batala ankamupereka wopanda kanthu. Kavita anafunsa chifukwa chake ankamuuza zimenezo m'Chichewa. Anati Chigujarati n'chopempherera, munthu sungakalipire mulungu wako m'chiyankhulo chomwe mayi ako anakuphunzitsa kumuimbira.

"Muuze kuti funso lakelo ndi langa lomwe," anatero. "Ndinafunsa ansembe. Ndinawerenga mabuku maso asanafe. Ena amati ndi karma. Ena amati thupi ndi malaya chabe, mzimu umavula akatha n'kuvala ena. Mwina n'zoona, akuluakulu anzeru kuposa ine anakhulupirira zimenezo. Koma za malaya ine ndimazidziwa. Malaya a Hansa anali asanathe."

Pomasulira chiganizo chomalizacho mawu anandithawa, ndinachita kubwereza.

Kavita anakhala pansi pa kapeti. "Nanga bwanji osangosiya, Nana?"

"Mwana akakulakwira sumugoneka ndi njala," anatero. "Komanso ndikamutaya, mlandu wanga ndikautula kwa ndani?"

Mtsikana anayamba kuseka misozi ili chuchuchu. "Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukumulanga mulungu ndi shuga?"

"Ndi zomwe ndingathe," agogo anatero, ndipo nawonso anaseka ndi theka la pakamwa lija. Kenako anatambasula dzanja, kumugwira juzi, kuifikisa, n'kunena kuti ubweya wake ndi weniweni.

Musaganize kuti Kavita anatembenuka tsiku limenelo. Ayi ndithu. Chomwe chinatseguka ndi mkangano, ndipo unatenga miyezi isanu ndi itatu, Lamlungu lililonse, ine ndili pakati ngati mphasa ya pa bwalo. Ankabwera ndi mafunso atalemba mu foni. Anafunsa chifukwa chake mkazi akakhala kumwezi ankamuletsa kuyandikira kabati. Agogo anati ndi mpumulo umene akale anapatsa akazi, iye anati mpumulo sakakamiza, ndipo anasiyana aliyense ali ndi zake. Anafunsa chifukwa chake mulungu mmodzi ali ndi nkhope zambirimbiri. Agogo anati thonje ndi limodzi koma m'sitolo munali biriwita, khaki ndi zitenje, chifukwa ogula ndi osiyana. Kavita anati limenelo ndi yankho la wamalonda. Iwo anati nanga iwe umayembekezera yankho la ndani.

Funso lomwe linandiwotcha makutu ndi la kapu. Kavita anali atamva kwa mayi ake kuti ku Luchenza mayi wa ku Thyolo uja, yemwe anawalera agogo, anali ndi kapu yakeyake ya chitini yopachika pa msomali panja, yosaloledwa kusakanikirana ndi za m'nyumba. Anafunsa ngati zimenezonso zinali za chipembedzo. Ndinamasulira ndikuyang'ana pansi, paja ine ndi mayi ameneyo khungu ndi limodzi. Agogo anayamba kunena za ukhondo, za miyambo ya akale, kenako analekeza pakati. Anandiyang'ana ine, osati Kavita. Anati pamenepo tinalakwa, palibe mulungu anatituma, ndipo mayi ameneyo ankanditafunira chinangwa ndi m'kamwa mwake. Tsiku limenelo tiyi sanamwe.

Nthawi zina ankapambana ndi iwo, n'kumanyadira sabata yonse. Nthawi zina ankatopa, n'kungoti muuze abwere mawa, sitolo yatsekedwa. Koma sindinawamvepo akumuuza kuti abwerere ku kachisi, kapena kuti amangenso kaulusi kaja. Ndinawafunsapo chifukwa chake. Anati kasitomala wokakamizidwa amabweza katundu.

Anamwalira Lachinayi masana, m'nyengo yozizira, ali pampando wawo, ine ndikupinda zovala m'chipinda china. Ndinabwera kudzawafunsa ngati akufuna bulangete lina, ndinapeza apita. Lamlungu la m'mbuyo mwake anali atakangana ndi Kavita za kubadwanso, ndipo anasiyana atagwirizana kuti adzapitiriza.

Atatha masiku khumi ndi atatu amene iwo amakhala pa maliro, ndinapita kukabweza kiyi. Ndinapeza a Dinesh, mwana wawo wamwamuna wa ku Smethwick, amalume ake a Kavita, akulongedza katundu. Anali atakonza zoti Lala apite ku kachisi, komwe ansembe angamusamalire mwa mwambo wake, chifukwa iwo ndi akazi awo amalawirira ku ntchito. Sanali kulakwa. Kavita anali chiimire pa kabati, ndipo anati amutenga ndi iye.

"Iwe?" anatero amalume akewo m'Chizungu. "Iwe sukhulupirira n'komwe. Ichi si chokongoletsera pa shelefu. Amafunika kusambitsidwa, kudyetsedwa, tsiku ndi tsiku."

"Ndikudziwa. Ndinaona."

"Ndiye ukuti muli mulungu mmenemu?"

"Sindikudziwa, amalume. Mwina mulibe aliyense. Koma ansembe nkhani ya amayi sakuidziwa. Azingomuimbira basi."

A Dinesh anandiyang'ana ine ngati ndingamasulire, chonsecho onse ankayankhula Chizungu. Ndinangokhala chete, paja ndinali nditaphunzira. Anapumira m'mwamba n'kupita kukakweza makatoni m'galimoto.

Kavita anamunyamula Lala m'manja awiri n'kulunjika ku chitseko. Atatsekula, mphepo ya chisanu inalowa. Anaima, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anavula sikafu yake n'kumukulunga bwinobwino, kusiya kankhope kokha. Ataona kuti ndikumuyang'ana anakwiya.

"Kunja kukuzizira, Anti," anatero. "Musandiyang'ane choncho."

Anatuluka khosi lili pamtunda, kulowera ku siteji ya basi.

Ndinatsala ndekha m'chipinda chochezera. Mpando anali atautulutsa kale, pa kapeti panangotsala timaenje tinayi ta miyendo yake, toyang'ana ku ngodya. Makatani anali atachotsa, kuwala kwa masana kukungolowa mopanda woletsa. Kabati inali ikadali pomwepo, zitseko zake zili pululu. Denga lake la m'kati linali lakuda ndi mwaye wa kanyali, ndipo pathabwa la pansi, lomwe linali litafiira ndi utsi wa zaka zonsezo, panali kamalo kamodzi koyera, kozungulira, kochepa ngati chitsekerero cha botolo, pomwe fumbi linali lisanayambe kugwa.